Yankho kwa mayi a kwa Santhe: zoti ana aonere pa tchuthi chino

Amayi, ndawerenga funso lanu lofuna kudziwa mafilimu ndi masewero a pa kanema amene mungalole ana anu atatu kuonera pa tchuthi chino, komanso ngati muvomereze maganizo a bambo a kunyumba akuti mungosiya kulipira dikoda, popeza mtsikana wanu wa Fomu 2 akumagona usiku kwambiri chifukwa cha masewero a ku India. Ena m'gulu muno akuyankhani kuti kanema ndi wowononga basi, ndipo ena akuti ana asiyidwe azionera zimene afuna. Ine sindikugwirizana ndi mbali zonse ziwirizi. Langizo langa ndi lakuti muzisankha nkhani zimene zili ndi mathero, zoti mukhoza kukhala pansi nonse n'kuonera mpaka kutha usiku umodzi, kenaka n'kukambirana.

Yambani ndi filimu ya kwathu konkuno ku Kasungu, ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka mu 2019 ndipo ili pa Netflix. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, amene adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, koma adapitiriza kuwerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito njinga ya bambo ake, dayinamo, mapaipi ndi zitsulo zotola kudzala. Adaijambulira konkuno, kotero ana anu adzaona dothi, minda, nyumba ndi gule wamkulu zimene akuzidziwa, ndipo chimenechi chokha chimasintha maonedwe a mwana amene adazolowera kuganiza kuti za pa kanema zimachitikira kutali.

Komabe sindikubisirani zimene sizidandikomere. Chichewa cha m'filimuyi n'chopotoka m'malo ambiri, chifukwa amene adatenga mbali zikuluzikulu si a kuno. Chiwetel Ejiofor, amene adaiwongolera n'kuseweranso ngati bambo ake a William, ndi wa ku Britain wa makolo a ku Nigeria, ndipo Maxwell Simba, amene adasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Adayesetsa ndithu kuphunzira chinenero chathu, koma mawu ena mumachita kutchera khutu kawiri kuti mumve, ndipo akayankhula Lily Banda, amene adasewera ngati mlongo wake wa William ndipo ndi wa kuno, kusiyana kwake kumamveka pompopompo. Muwachenjeze ana za zimenezi asanayambe kuonera, kuti asathere nthawi yonse akuseka katchulidwe n'kuphonya nkhani. Muwauzenso kuti m'filimu makinawo akuoneka akupopa madzi othirira mbewu, pamene m'moyo weniweni makina oyamba adayatsa magetsi a m'nyumba, ndipo za kupopa madzi zidabwera pambuyo pake.

Chimene chimandigwira mtima m'filimuyi ndi gawo la njala. Pali malo amene anthu akukanganirana chimanga pa depoti, ndi ena amene banja lagwirizana kuti lizidya kamodzi patsiku. Ife amene tidaliko chaka chimenecho tikukumbukira anthu akusaka gaga, ena akugulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira, koma ana obadwa pambuyo pake amangomva ngati nthano. Ngati agogo awo ali pafupi, aitaneni adzaonere nawo, chifukwa filimu ikatha iwowo ndiwo adzafotokoze zimene kamera sidathe kuonetsa, monga amene adawathandiza ndi m'mene adapulumukira. Wamng'ono wanu wa Sitandade 3 akhoza kulira pa gawo la galu wa William, choncho mukhale naye pafupi.

Ina yoyenera mtsikana wanuyo ndi Queen of Katwe ya 2016, nkhani yoona ya Phiona Mutesi, mtsikana wa m'dera losauka la Katwe mu mzinda wa Kampala ku Uganda, amene adatukuka chifukwa cha masewera a chess. Imayenda pang'onopang'ono, ndipo anyamata okonda zomenyana amatopa nayo poyamba, koma ndi yaulemu ndipo mayi wa m'nkhaniyo ndi wolimba mtima ngati amayi ambiri amene timawaona akugulitsa pa msika. Ya kwathu yofananako ndi Fatsani, ya Gift Sukez Sukali, yonena za mtsikana amene adayamba kugulitsa nthochi mumsewu sukulu yake itatsekedwa.

Mafilimu a Shemu Joyah ndimawalemekeza kwambiri, koma ndi a inu ndi bambo a kunyumba, ana atagona. Seasons of a Life imakamba za mtsikana wantchito amene adapatsidwa mimba ndi bwana wake, The Last Fishing Boat ya 2012 ndi ya moyo wa asodzi ndi alendo okaona nyanja, pamene The Road to Sunrise ya 2017 ndi ya amayi oyendayenda mu mzinda wa Blantyre, ndipo ndiyo idali yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa mafilimu wa Oscar. Ndi nkhani zolemera zimene sizinamiza, koma zimafuna munthu wokhwima maganizo.

Tsopano za masewero a ku India amene abweretsa mkangano pakhomo panupo. Ndinene mosakondera kuti ali ndi zabwino zake: zovala n'zaulemu, akulu amapatsidwa ulemu, ndipo ana ena Chingerezi chawo chimasongoka chifukwa chomvera tsiku ndi tsiku. Vuto lake ndi kapangidwe. Masewerowa amalembedwa dala kuti asathe, gawo lililonse limadukira pamene mtima uli m'mwamba, ndipo woonera amakhala ngati wagwa m'ngongole ya katapila imene ukabweza lero mawa yakula. Mwana wanu sakugona mochedwa chifukwa cha mwano, koma chifukwa sewerolo lidakonzedwa kuti limugwire motero, ndipo limagwiranso akuluakulu. Chachiwiri chimene sindichikonda ndi chithunzi cha banja chimene amapereka, pamene apongozi ndi mkamwini kapena mtengwa amakhala pa chiwembu chosatha, ndipo mkazi wabwino ndi amene amangopirira nkhanza ali chete. Mtsikana wa zaka za Fomu 2 ali pa msinkhu womanga maganizo ake a ukwati, ndipo sindikadakonda kuti awamange pa zimenezi. Musamuletseretu, chifukwa adzakaonera kwa anzake kumene inu simudzamva chilichonse. M'malo mwake asankhe sewero limodzi lokha, aonere gawo limodzi patsiku ntchito zapakhomo zitatha, ndipo nthawi zina mukhale naye n'kumufunsa ngati zimene wachita mkazi wa m'seweromo n'zanzeru.

A ku Nigeria ndimawaona mosiyanasiyana. Atsopano ambiri ajambulidwa bwino ndipo nthabwala zake zimafanana ndi zathu. Amene ndikukupemphani kuti muwapewe ndi aja odzaza ndi ufiti, m'mene nkhalamba iliyonse ya m'mudzi imasanduka yolodza adzukulu. Tonse tamva za agogo amene amenyedwa kapena kuthamangitsidwa m'midzi powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mwana amene waonera nkhani zotere kambirimbiri amayamba kuwayang'ana mwamantha agogo ake omwe, ndipo chimenechi ndi chinthu chowawa kwambiri pa banja.

Ngati mukufuna kuseka pamodzi, fufuzani masewero a malemu Izeki ndi Jakobo, kapena a Tikuferanji amene adatchukitsa Michael Usi ndi dzina la Manganya. Zithunzi zake n'zakale ndipo nthawi zina uphungu umachuluka kuposa nkhani, koma Chichewa chake n'chenicheni, cha pabwalo.

Za mwana wanu wamwamuna amene mwati amakonda kuzemba kupita ku vidiyo sho pa tireding'i senta, pamenepo ndiye ndili ndi nkhawa yoposa ya dikoda. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amasangalatsa, ndipo omasulira ena ali ndi luso loseketsa, koma kawirikawiri amaika mawu awoawo amene sali m'filimu, ena mwa iwo otukwana, ndipo m'kachipinda kamdima kaja, ka mabenchi ndi sipika yolira mpaka kumsewu, mwana wa zaka khumi amakhala limodzi ndi akuluakulu popanda wofunsa msinkhu wake. Ichi ndicho chifukwa chake sindikuvomereza kuti muchotse kanema pakhomo: mukatseka wa m'nyumba, ana adzapita kumene inu mulibe mphamvu. Bambo a kunyumba muwafotokozere mfundo imeneyi modekha, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona ngakhale njira yake ndi imene ndikuikayikira.

Ngati ndalama yolipira mwezi ndi mwezi ikuvuta, mukhoza kutsikira pa phukusi lotsika mtengo, kapena kupumira mwezi umene ana ali pa mayeso. Dikoda ya DStv kapena GOtv ili ndi malo oikapo nambala yachinsinsi yotsekera mapologalamu malinga ndi msinkhu, ndipo manambala amene amaoneka pa kona, monga 13, 16 ndi 18, amanena zaka za amene ayenera kuonera. Ikani malire pa 13, ndipo nambalayo muidziwe inu ndi bambo okha. Pomaliza, ngati mumatenga mafilimu kwa anyamata obena pa fulashi kapena pa memore khadi, musampatse mwana musanatsegule nokha foda iliyonse, chifukwa nthawi zambiri amathiramo zina zimene simudapemphe pofuna kudzaza malo, ndipo dzina lolembedwa pa failo silinena nthawi zonse zimene zili m'kati.