Chakufwa Chihana ndi chipani chimene chinamufotera m'manja

Mnyamata wina amene akuti ali chaka chachiwiri ku yunivesite wanditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Agogo anga akamatchula Chakufwa Chihana amachita kutsitsa mawu ngati akutchula mfumu. Koma ine chiyambireni kutsata ndale, AFORD ndaidziwa ngati kachipani ka phungu mmodzi. Kodi bambo ameneyu analidi wamkulu, kapena ndi chikondi chabe cha anthu akumpoto? Ngati analidi wamkulu, chipani chake chinafota bwanji?"

Achimwene, agogo anuwo sakunama, ndipo inunso maso anu sakukunamizani. Chihana anachita chinthu chimene anzake ambiri ankachiopa ngati moto. Koma Chihana yemweyo ndi amene anachepetsa chipani chake ndi manja ake, pang'onopang'ono, mgwirizano uliwonse umene ankalowa ukumudyera anthu.

Anabadwa mu 1939 ku Mhuju m'boma la Rumphi. Ndale sanaziyambire m'chipani, anaziyambira m'mabungwe a anthu apantchito, dziko lino lisanalandire ufulu. Apo mpamene anayambanirana ndi Malawi Congress Party (MCP), chifukwa chipanicho chinkafuna kuti bungwe lililonse la apantchito lizimvera icho, iye akukana. Anathawira ku Kenya. Atabwerera anamugwira mu 1971, nakhala m'ndende mpaka 1977 osaonekera kukhoti ngakhale tsiku limodzi. Atatuluka anapita kukaphunzira ku Ulaya, kuphatikizapo ku Bradford, ndipo mu 1985 anakhala mlembi wamkulu wa SATUCC, bungwe lolumikiza mabungwe a apantchito kum'mwera kwa Africa kuno. Udindo umenewu ndi umene unamupatsa mwayi wotuluka ndi kulowa m'dziko, komanso anzake akunja amene anadzamufuulira atamangidwanso.

Kuti mumvetse za 1992, muyenera kudziwa zimene munthu aliyense wamkulu ankadziwa koma osazitchula. Mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Chaka chomwecho Attati Mpakati anaphedwa ku Harare. Mu 1989 mtolankhani Mkwapatira Mhango anamutenthera m'nyumba ku Lusaka. Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anali ku ndende ya Zomba. Kuthawira kunja sikunali kupulumuka, nanji kubwerera.

Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi onse, yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu. Kumapeto kwa mwezi womwewo Amalawi otsutsa boma anakumana ku Lusaka, ndipo Chihana anati iye abwerera kumudzi kukanena poyera zimene anagwirizanazo. Pa 6 April anatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, pepala lili m'manja. Anangoyamba kuwerenga, apolisi n'kumugwira pomwepo anthu akuona. Ankadziwa kuti amugwira. Chimene sankadziwa n'chakuti ngati adzatulukemo wamoyo, ndipo anali atalawa kale ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Ena amati anadalira akazembe ndi mabungwe akunja kuti amuteteza. Mwina. Koma nawonso a Orton Chirwa ankadziwika kunja konse, ndipo anamwalirira m'ndende mu October chaka chomwecho.

Zinthu zinathamanga kuchokera apo. Mu May kunabuka sitiraka ndi zipolowe ku Blantyre, anthu ambiri anaphedwa, ndipo mayiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lawo kupatula lopulumutsa miyoyo. Alliance for Democracy (AFORD) inabadwa chaka chomwecho ngati gulu lokakamiza boma kusintha. Mu December khoti linagamula kuti Chihana akagwire ukaidi zaka ziwiri pa mlandu wosokoneza mitu ya anthu kuti aukire boma, chilango chimene pa apilo chinatsitsidwa. Anatuluka pa 12 June 1993, kutatsala masiku awiri kuti anthu akasankhe pa referendamu pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. Nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse. Masiku amenewo kuimika zala ziwiri m'mwamba kunali kulengeza mbali yako, ndipo dzina loti Simbi ya Moto linkamveka ku Nsanje ngati mmene linkamvekera ku Chitipa.

Tsono apa mpamene funso lanu lachiwiri likuyambira. Patangotha miyezi 11, pa chisankho cha 17 May 1994, Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu 33, Chihana 19. Ku Nyumba ya Malamulo UDF inatenga mipando 85, MCP 56, AFORD 36. Mwa mipando 36 imeneyo, 33 inali mipando yonse ya chigawo chakumpoto. Munthu amene dziko lonse linkamuimbira m'manja anadzuka m'mawa ali mtsogoleri wa chigawo chimodzi, chigawo chochepetsetsa pa chiwerengero cha anthu.

Sindiwada anthu akumpoto chifukwa chovota choncho. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kota posankhira ana ku yunivesite, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Anthu ochitiridwa zotere akapeza mwana wawo wolimba mtima amamukangamira, n'zachidziwikire. Komanso chaka chimenecho chigawo chilichonse chinavotera wakwawo, si kumpoto kokha. Vuto linali masamu: wakum'mwera akavoteredwa ndi akwawo amalowa m'boma, wakumpoto akavoteredwa ndi akwawo onse mpaka agogo, amatherabe pa nambala 3. Ndipo pamene Chihana anali m'ndende, a UDF, ambiri mwa iwo akadaulo akale a MCP komanso anthu a bizinesi, anali pakalikiliki kudzala nthambi m'midzi ya kum'mwera. Iye anatuluka ndi ulemu, iwo anali ndi makomiti.

Komabe mipando 36 sinali yochepa. Palibe chipani chimene chinali ndi aphungu opitirira theka, ndiye aliyense wofuna kudutsitsa bajeti ankayenera kugogoda kwa Chihana. Mphamvu ya chipani chaching'ono ndi imeneyo basi, yokhala pakati. Nkhani yagona pa mmene anaigwiritsira ntchito.

Choyamba anagwirizana ndi MCP, chipani chimene iye mwini ankachitcha cha imfa ndi mdima. Phungu wa AFORD, Rodwell Munyenyembe, anakhala sipikala. Chaka chisanathe anawolokera kwa Muluzi, ndipo malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti, umene unasokedwa poyeza msinkhu wake. Mu 1996 anatula pansi udindowo ponena kuti m'boma mwadzaza katangale. Anthu anamuyamikira, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka naye, zinatsalira m'boma ndi magalimoto awo. Kumeneko kunali kung'ambika koyamba. Mu 1999 anabwereranso kwa MCP, naima ngati wachiwiri wa Gwanda Chakuamba. Anagonja kwa Muluzi, Chakuamba atapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100, ndipo aphungu a AFORD anatsika kufika pa 29.

Zonsezi ndikhoza kuzimvetsa. Chimene chimandivuta ndi cha 2002. Muluzi atafuna kupitirira materemu awiri, bilu yochotsa malirewo inabwera m'Nyumba ya Malamulo kudzera mwa phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, Chihana ali pambuyo pake. Inagwa mu July chaka chimenecho, itaperewera mavoti atatu okha. Taganizirani, achimwene: munthu amene anamangidwa pa bwalo la ndege chifukwa chokana pulezidenti wamuyaya, patangopita zaka khumi akuthandiza kutsegulira wina khomo lomwelo. A John Tembo nawonso anaivomera biluyo, koma iwo palibe amene anadabwa nawo. Kwa Chihana anthu anamva kuwawa, ndipo mu 2003 atalandiranso mpando uja wa wachiwiri kwa wachiwiri, aliyense anadziwerengera yekha mtengo wake.

Akuluakulu ena a chipani anachoka n'kukayambitsa chipani chawo cha MGODE. Pa chisankho cha 2004 AFORD inathandiza Bingu wa Mutharika, n'kubwerako ndi aphungu 6. Kuchoka pa 36 kufika pa 6 m'zaka khumi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bingu anamupatsa unduna wa zaulimi, koma kumayambiriro kwa 2005 anamuchotsa n'kuikapo Chakuamba. Chihana anamwalira ku Johannesburg pa 12 June 2006 atachitidwa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 67, tsiku lofanana ndi limene anatulukira m'ndende zaka 13 m'mbuyomo. Anaikidwa ku Mzuzu mwaulemu wa boma.

Omuikira kumbuyo ali ndi yankho lawo, ndipo si lopepuka. Amati mtsogoleri wa chigawo chaching'ono alibe njira ina yofikitsira msewu, chipatala kapena sukulu kwawo koposa kukhala pa tebulo pamene akugawa, choncho kusinthasinthako kunali kusakira anthu ake. Amanenanso za ndalama. Gawo 40 la malamulo oyendetsera dziko limati boma lizithandiza ndi ndalama chipani chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Ukatsika pamenepo chipani chimayendera thumba la mtsogoleri, ndipo mtsogoleri wopanda bizinesi zikuluzikulu thumba lake ndi unduna. Ndikuvomera zonsezi. Kumene ndimasiyana nawo n'kwakuti mapangano a Chihana ankakhala a iye ndi mtsogoleri mnzake, osati a chipani. Anthu a ku Karonga kapena ku Mzimba ankangomvera pa wailesi kuti lero tili ndi awa, dzulo lomweli akuuzidwa kuti awawo ndi adani. Wovota akachita manyazi kawiri katatu pamaso pa anzake amayamba kufunafuna kwina, ndipo kumpoto kunakhaladi dera limene limasintha chipani pafupifupi chisankho chilichonse. Mu 2009 kunavotera Bingu ndi DPP mwaunyinji.

Phungu mmodzi amene mukumudziwayo ndi zotsatira za 2009, 2014 ndi 2019, zisankho zitatu zotsatizana. Chipanicho chinadzafika m'manja mwa mwana wake, Enoch Chihana, pambuyo pa mikangano ya utsogoleri imene inafika mpaka kukhoti. Chimene chinachitsitsimutsa si kuchuluka kwa mamembala ayi, koma chigamulo cha khoti cha pa 3 February 2020, chimene chinati wopambana upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka. Chiyambire pamenepo kachipani kalikonse kali ndi mtengo, chifukwa wamkulu akhoza kuperewera pang'ono chabe. AFORD inali nawo mu Tonse Alliance mu 2020, kenaka mu 2025 inaima ndi DPP, ndipo Peter Mutharika atapambana anapatsa Enoch mpando womwe uja unasokeredwa bambo ake.

Mpando umenewu muziuyang'ana bwino. Gawo 80 limati pulezidenti akafuna kuika munthu pamenepo, asamutenge m'chipani chake, ndiye kuti unapangidwira atsogoleri a zipani zing'onozing'ono. Koma suchokera ku mavoti. Wachiwiri woyamba amasankhidwa ndi anthu limodzi ndi pulezidenti, n'chifukwa chake Bingu analephera kuchotsa Joyce Banda ngakhale atamuthamangitsa m'chipani. Wachiwiri kwa wachiwiri amangoikidwa ndi pulezidenti, akafuna, ndipo maboma angapo adutsa mpandowo uli wopanda munthu. Chakufwa Chihana anaukhala kawiri, ndipo maulendo onse awiri sanafike nawo zaka ziwiri.