Ma contact ndi madzi a m'nyanja, ine diso linatsala pang'ono kupita

Achemwali mwafunsa ngati muvale ma contact (timagalasi tovala m'diso) pa kosi yosambira pansi pa madzi ku Cape Maclear kapena mudikire opaleshoni ya maso ya laser ya ku Joni ya Januwale, musanalipire kosiyo tamverani kaye zanga, ndikulemba pano diso lakumanzere likuchita kuyabwa ngati likukumbuka. Ine ndimavala magalasi a mphamvu ya -4.50 mbali zonse, ndikavula magalasi ngakhale minibasi sindidziwa kuti ikulowera kuti, ndiye popita kukachita Open Water, kosi yoyamba yosambira pansi pa madzi, ndinangovala ma contact anga a mwezi aja, magalasi nkuwasiya pa tebulo ku Lilongwe, ma spare osatenga ayi. Uchitsiru wangawo ndikuuvomera koma dikirani mumve za instructor, mphunzitsi wa kosiyo.

Tsiku loyamba ndinamuuza instructor ndi pakamwa pangapa kuti akulu ine ndavala ma contact. Iye uku akumanga silinda ya mpweya ya mzungu wina anangoti palibe vuto ambiri amavala, basi nkhani yathera pomwepo. Munthu woti amalowetsa anthu m'madzi tsiku ndi tsiku kulephera kundiuza mawu awiri okha, TSINZINA MASO. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Dive yachinayi tinapita pa boti kufupi ndi chilumba cha Thumbi, madzi oyera mbee a mu Okutobala, mbuna za buluu ndi za yelo zikuchita kukuzungulira ngati nkhuku zaona gaga. Tinagwada pa mchenga pansi, yafika nthawi ya exercise ija yovula masiki yonse, kupuma ndi regulator (chopumira cha mkamwa) yokha, kenako nkuvalanso nkutulutsa madzi ndi mphuno. M'madzi osaya ndinkatsinzina mwamwayi chabe chifukwa cha mantha. Apa nditangovula madzi analowa m'mphuno, ndinabanika, maso tong'o. Lens ya kumanja inapita nthawi yomweyo, ndinachita kuimva ikutsetsereka ngati kachikopa ka nyemba. Ndavala masiki, ndatulutsa madzi, kutsegula maso dziko lagawanika pawiri, diso limodzi likuona lina utsi wokhawokha, mutu kuyamba kuzungulira, geji ya mpweya ndikuibweretsa pamphuno penipeni ndikutsinzina diso limodzi kuti ndione singano ili pati. Mkulu uja akundipatsa chizindikiro cha OK ine nkubwezanso OK chifukwa cha manyazi, atsikana awiri a gulu lathu anali atachita bwinobwino ndiye ine mwamuna ndikwere pamwamba? Ndinamaliza dive yonse ndi diso limodzi mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule.

Titakwera pa boti ndinamuuza, anaseka. Eti nsomba zavala, pano zikuona bwino. Anthu onse nkuseka nawo.

Ya kumanzere inali itamatirira pa diso, madzi opanda mchere amatero ndi ma soft lens, amachita ngati aikwatirira. Ndinaikoka ndi zala mokakamiza, solution yotsukira inali itatha, ndinaitsuka pa mpopi wa pa lodge nkuibwezera chifukwa ndikanayenda bwanji osaona konse. Usiku tinamwa tiwiri titatu kukondwerera satifiketi, ndinagona nayo. Eya ndikudziwa, musandiuze.

Patatha masiku awiri ndili ku Lilongwe diso ngati muli mchenga, kenako ngati munga wa mthethe, misozi osaleka, manthongo, kuwala kwa foni kokha ndimachita kubisa nkhope mu pilo. Ndinapita pa famase ina, mnyamata wa pa kauntala osandiyang'ana nkomwe m'diso, osafunsa ngati ndimavala ma contact, anangoti ndi maso ofiira awa akuvuta masiku ano nkundigulitsa tidontho. Tsiku limodzi kufiira kunachepa ndinati wandithandiza. Tsiku lotsatira ndinadzuka pakati pa gawo lakuda pali kadontho koyera ngati njere ya mpunga. Adokotala a maso atandithira mankhwala a olenji aja nkuwunika ndi kuwala kwa buluu anakhala chete kaye, kenako anati ndionetseni botolo lomwe mwakhala mukudontheza. Munali steroid. Anati pa chilonda cha pa cornea, kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso, steroid imaziziritsa kufiira koma tizilombo timadya mwaufulu. Anandifotokozera kuti amaopa zinthu ziwiri kwa ovala ma contact, bakiteriya wotchedwa Pseudomonas yemwe amatha kuboola diso m'masiku ochepa, ndi kachilombo kena Acanthamoeba kamene kamapezeka m'madzi a m'nyanja, a m'mitsinje ngakhale a pa mpopi, kamamatira pa lens ndipo kuchiza kwake ndi miyezi. Yanga inali bakiteriya, ati ndithokoze. Kuthokoza kwake kunali kudontheza ola lililonse usana ndi usiku, alamu pa foni 1 koloko, 2 koloko, 3 koloko, mayi akunyumba anatsala pang'ono kundithamangitsira pa balaza. Kachipsera kalipobe, usiku magetsi a galimoto amachita nyenyezi mbali imeneyo.

Ndiye inu mukuti muvale kapena mudikire laser ya ku Joni ya Januwale ija? Ine ndinganene kuti ma contact ndi madzi ndi adani, adokotala aliyense akuuzani choncho, chabwino kwambiri ndi masiki yokhala ndi magalasi a mphamvu ya maso anu. Koma kunena zoona ine ndimalowabe ndi ma contact mpaka pano, masiki ija ukangoivula pa boti wabwerera ku khungu ndipo kuitanitsa kwake ndi chintchito. Ndimavala a tsiku limodzi, ma daily, ndikangotuluka ndimasamba m'manja, kudontheza tidontho tofewetsa, kudikira ilekane ndi diso, kuvula nkutaya. Ma spare ambiri, magalasi mu chikwama pa boti. Masiki ikalowa madzi tsinzinani, ndipo muuzeni buddy wanu, mnzanu wolowa naye m'madzi, osati instructor yekha, kuti lens ikagwa adziwe chifukwa chomwe mukuchitira ngati mwaledzera. Ngati ma contact anu ndi olimba aja, timathovu ta mpweya timatha kutsekeredwa pansi pa lens mukamakwera, maso nkuchita chifunga kwa kanthawi.

Za laser, pa mtundu wotchedwa LASIK amadula kachivundikiro pa cornea nkukabwezera, kamafunika kagwire kaye. Ambiri amanena za mwezi musanalowe pansi pa madzi koma tsiku lenileni akupatseni yemwe wakuchitani opaleshoniyo, osati ife a mu gulu muno, komanso osati instructor. Mukadzalowa muzipumira pang'ono m'mphuno potsika kuti masiki isakoke maso, ndipo maso amauma miyezi yoyambirira ndiye tidontho tisamachoke m'thumba. Kumbukiraninso kuti asanakuyezeni za laser amakuuzani musiye ma contact masiku angapo, ndiye musapanikize kosi ndi ulendo wa ku Joni sabata imodzi. Ine ndikanakhala inu ndikanadikira laser basi, koma poti tchuthi ndi Disembala ndipo mwalipira kale malo ogona pitani, nsomba zija nzokongola zedi, ine ndinaona ina ikumeza ana ake mkamwa kuwabisa nditayandikira. Diso likangofiira kapena kuwawa vulani lens, tsiku lomwelo kwa dokotala wa maso, mutenge lens ndi kabokosi kake, pa famase musadutsepo.

Simunanene kuti anu ndi a soft kapena olimba, tandiuzani.