Matayala a mainchesi 35 pa Defender 110: werengerani kaye musanagule

Achimwene, mwati muli ndi Land Rover Defender 110 ya injini ya 300Tdi yomwe ikuyendera 7.50R16 pa malimu ake akale, ndipo nthawi ya dzinja difu (bokosi la magiya lapakati pa ekiselo) imakhula pansi m'misewu ya kumudzi, ndiye mukufuna kuikako matayala a mainchesi 35. Amenewo asiyeni. Ngati mukufunadi kuti difu ikwereko, imani pa 255/85R16. Ngati vuto ndi kuterera basi, gulani 235/85R16 a mano a m'matope, nkhani yatha.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa maso amanama pa nkhani ya matayala. Difu imakwera ndi theka lokha la kusiyana kwa matayala awiri, theka linalo limapita kumwamba kwa ekiselo. Tayala la 235/85R16 ndi lotalika mamilimita 806, pafupifupi chimodzimodzi ndi 7.50R16 muli nayoyo. La 265/75R16, lomwe ambiri amalithamangira poti limaoneka lonenepa, ndi mamilimita 804, kutanthauza kuti silikweza kanthu. La 285/75R16 ndi 834, la 255/85R16 ndi 840, ndipo apa difu ikwera ndi mamilimita 17. La mainchesi 35 ndi pafupifupi 890 papepala, difu nkukwera ndi masentimita 4 okha. Dziwaninso kuti masipuring'i aatali amakweza bodi ndi chasisi, difu imatsala pomwe inali. Wina akakuuzani kuti lift, kukweza galimoto kotereku, ithetsa kukhulako, wakunamizani.

Masentimita 4 amenewo mtengo wake ndi wowawa. Magiya a m'madifu a Defender ndi a 3.54 (nambala ikakula, galimoto imakoka mwamphamvu koma liwiro limachepa), ndipo transfer box ya LT230, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, pa 110 ya Tdi nthawi zambiri imakhala ya 1.410 mu high, magiya a pamsewu, ndi 3.32 mu low, magiya a m'malo ovuta. Tayala la 35 limatalikitsa magiya onse ndi 10 peresenti. Injini ya 300Tdi, ya malita 2.5, imapeza mphamvu zake zenizeni cha pa 1,800 rpm, ndipo pansi pa apo turbo imakhala isanadzuke. Ndiye giya yachisanu izikufowokerani pa kamtunda kalikonse, ndipo pa chikweza ngati cha Chiweta mutanyamula katundu muzingosinthasintha magiya utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Ponyamuka pamtunda muzidyetsa kalachi. Potsika nako injini sigwira galimoto bwino, mabuleki nkumatentha. Mankhwala ake ndi kusintha magiya a m'madifu onse awiri kupita cha pa 4.1, ndipo poti kutsogolo kuli difu ya Rover pomwe kumbuyo kuli ya mtundu wina wotchedwa Salisbury, zipangizo zake ndi zosiyana. Ena amaika transfer box ya 1.667, koma iyo imakonza high yokha, low imakhala momwemo. Pa 255/85R16 kusiyanaku ndi 4 peresenti, injini imapirira popanda kusintha kalikonse.

Chomwe chimathyoka si kumbuyo ayi, Salisbury ndi yolimba. Vuto lili kutsogolo: ma half shaft (mashafiti ochokera ku difu kupita ku magudumu), ma CV joint (mfundo zolola shafiti kuzungulira gudumu litakhota), ndi difu yeniyeniyo yomwe mkati mwake ndi yofewerapo. Zimachitika chonchi: tayala limodzi lili m'mwamba kapena m'matope likuzungulira mwaliwiro, woyendetsa waponda mafuta, kenako lagwira mwala mwadzidzidzi. Mphamvu yonseyo imathera pa shafiti, ndipo tayala likakula, kupotokolako kumakulanso. CV joint imafa kwambiri mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto muli mu low, makamaka pobwerera m'mbuyo. Poti Defender imayendera matayala onse anayi nthawi zonse, shafiti imodzi ikaduka galimoto imangolira osasuntha mpaka mutaika diff lock, loko ya difu yapakati ya mu transfer box. Galimoto zakale ngati yanuyi zina zinasinthidwapo maekiselo, choncho makaniko asolole shafiti awerenge mano ake kumbali yolowa mu difu. Akakhala 24 ndi bwino. Akakhala 10, ndi ekiselo yakale yofooka, musapitirire 235/85R16.

Tsopano malimu. Akale a 110 ndi a mainchesi 5.5 m'lifupi ndipo ambiri ndi ofuna chubu, alibe kamzere kotukuka kogwira mlomo wa tayala. Mukaikapo tayala la tubeless popanda chubu nkuchepetsa mpweya mumchenga, limatha kuvuka pokhota. Tayala la 255/85R16 limafuna limu ya mainchesi 6.5 kupita m'mwamba, la 285/75R16 limafuna 7.5. Malimu achitsulo a Wolf, a 6.5, amakwanira bwino, koma chitsulo chake ndi chochindikala, ndiye onani ngati nati ikugwira mazinga okwanira. Ikapanda kutero, sinthani ma stud, mabawuti omangirapo manatiwo, muike aatali. Malimu a Land Cruiser salowa, mabowo a Defender ndi asanu pa mzere wa mamilimita 165.1. Ma spacer (zitsulo zoika kuseri kwa limu kuti gudumu lituluke kunja) a mamilimita 30 amachotsadi tayala pa radius arm, mkono wachitsulo wolumikiza ekiselo ku chasisi, koma katundu amamusamutsira pa mabering'i a magudumu ndi a swivel, pomwe gudumu la kutsogolo limakhotera, ndipo tayala likatuluka kunja kwa madigadi limamwaza matope mpaka pa mawindo. Limu ya offset yoyenera, yomwe payokha imatulutsa tayala kunja mokwanira, imaposa spacer.

Poika, yambani ndi tayala limodzi kutsogolo musanalipire onse. Kwezani ekiselo ndi jeke, ikani pa sitandi, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muone mpata pakati pa mano a tayala ndi radius arm. Pasakhale pochepera masentimita awiri, poti tayala limapindika galimoto ikamayenda. Likakhudza, pa swivel housing pali kabawuti koletsa chiwongolero kupitirira: masulani nati yake, katulutseni pang'onopang'ono, mangani, ndipo chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mtengo wake ndi woti 110, yomwe kale pokhota imafuna bwalo lalikulu, izifunanso lokulirapo. Mukatero ikwezeni pa chulu kapena m'ngalande mopingasa, tayala limodzi lilowe m'mwamba mpaka ekiselo itsamire bump stop (mphira yoletsa ekiselo kugunda chasisi), muyang'ane m'mphepete mwa madigadi kutsogolo ndi kumbuyo. Pamene pakukhula pamaoneka powala ngati papukutidwa.

Ngati masipuring'i anu sanagone, 255/85R16 kawirikawiri imalowa popanda kukweza galimoto, mwina kungodulako pang'ono pulasitiki ya m'mphepete. Agona? Gulani atsopano a msinkhu wake womwewo kaye. Mukasankha kukweza ndi mamilimita 50, dziwani kuti ekiselo ya kutsogolo imapendekeka ndipo caster (kupendekeka kwa swivel kothandiza galimoto kuyenda molunjika), yomwe imayenera kukhala madigiri 3, imatsala pang'ono kutha. Zizindikiro zake ndi galimoto kuyendayenda pamsewu ndi chiwongolero kusabwerera chokha mukatha kukhota. Pamafunika ma radius arm kapena mabushi okonza caster, mashoko aatali, mapaipi a mabuleki aatali, ndipo propshaft ya kutsogolo, shafiti yochokera ku transfer box kupita ku difu, imatha kuyamba kunjenjemera. Ndipo lift yokha siletsa tayala kukhula madigadi, chifukwa sipuring'i ikafinyika ekiselo imafikabe pomwe inkafika kale. Choletsa ndi bump stop yotalikirapo.

Gulani asanu, osati anayi. Sipeya yaing'ono pakati pa matayala aakulu imagwiritsa ntchito difu yapakati mosalekeza, ndipo mukaika diff lock magiya amamangana. Tayala lolemera musalipachike pa chitseko chakumbuyo, mahinjesi amagwa ndipo chitseko chimang'aluka pa misewu ya mabampu. Pangitsani chonyamulira chomangirira ku chasisi. Ganiziraninso kopeza lina likaphulika muli kutali. 7.50R16 ndi 235/85R16 amapezeka mosavuta poti ma Land Cruiser ambiri amayendera omwewo, pomwe 255/85R16 ndi saizi yosowa, mwina mudzachita kuitanitsa ku South Africa.

Pogula, onani load index, nambala yosonyeza katundu yemwe tayala linganyamule: 120 ndi makilogalamu 1,400 pa tayala limodzi, ndipo ndi yoyenera 110 yonyamula katundu. Pa matayala a kaunjika werengani manambala anayi omaliza pa chidindo cha DOT cha m'mbali mwa tayala. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mano akhoza kukhala ambiri koma mphira itauma kale, ndipo timing'alu ta m'mbali timaoneka bwino mukalifinya.

Sipidomita iziwerenga mochepera: pa 255/85R16 muziyenda pafupifupi 83 pomwe kale munkayenda 80, choncho iyerekezeni ndi GPS ya pa foni musanakumane ndi apolisi a kamera pa M1. Makilomita nawo aziwerengeka ochepa, ndiye posintha oyilo muzichotserako. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 oyamba, mangitsaninso manati onse, kenako gwedezani gudumu lililonse lili pa jeke, dzanja lina pamwamba lina pansi. Likamagogoda, mabering'i kapena swivel akufuna kumangidwa musanapite ulendo wautali.