Tikuyankheni: Magalasi a zithunzi za tchalitchi chakale

FUNSO: M'kabati ya kumpingo kwathu tapezamo magalasi 6 okhala ndi zithunzi za tchalitchi chathu chakale, koma poyenera kuyera pakuda. Tikufuna kumanganso khonde lomwe linagwa. Kodi angatithandize? — Mkulu wa mpingo, Mzuzu

YANKHO: Bambo, mwatola chuma. Filimu isanafale, ojambula ankapaka mankhwala pagalasi, ndipo pagalasipo m'pomwe ankachapira zithunzi zapapepala. Njira ya mu 1851 yopaka mankhwala onata otchedwa collodion inkafuna kuti chithunzi chijambulidwe n'kutsukidwa mankhwalawo akadali onyowa pagalasi, pasanathe mphindi 15. Magalasi ouma, opakidwa mankhwala otchedwa gelatin, anafala m'ma 1880, ndiye anuwo ayenera kuti ndi amenewa, poti mishoni ya Ekwendeni inayamba mu 1889, ya ku Khondowe mu 1894. Zomwe mukufunazi si zachilendo: mu 1851 boma la France linatuma ojambula asanu kukajambula matchalitchi ndi nyumba zakale zofunika kukonzedwa.

Chithunzicho chikhulupirireni pa miyeso. Pimani mizere 10 ya njerwa pakhoma lomwe lilipobe, pamodzi ndi dothi lomangira, mugawe ndi 10. Kenako werengani mizere ya khondelo pachithunzi, muchulukitse. Kutalika mwakupeza. Ngakhale kamera inapendekeka mpaka makoma n'kuoneka ngati akugwerana, chiwerengero cha njerwa sichisintha. M'lifupi pimani pakhoma lokhalo lomwe layang'anizana ndi kamera.

Koma pa mtundu musachimvere. Mankhwala akalewo sankaona bwino zofiira, n'chifukwa chake mukachapa chithunzi njerwa zowotcha zimada bii, kumwamba n'kuyera mbee. Musasankhire penti pamenepo.

Galasilo gwirani m'mbali mokha. Mbali yonyezimira ndi galasi chabe. Yosanyezimira ndiyo ili ndi chithunzi. Kumeneko madzi kapena kansalu konyowa kasafikeko, chifukwa gelatin amafufuma n'kumatuka, ndipo akamatuka palibe chobwezera. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimameretsa nkhungu, choncho musatsekere m'majumbo. Lililonse likhale m'envelopu yakeyake, loimirira m'katoni, osati kusanjikiza, ndipo katoniyo italikirane ndi simenti yapansi.

Pokopera, matani pepala loyera pawindo, muimike galasi patsogolo pake motalikirako pang'ono, mujambule ndi foni mwayang'anizana nalo ndendende, kenako mutembenuze zakuda zikhale zoyera pafoni pomwepo. Mbali yonyezimira iyang'ane kwa inu. Mukalakwitsa apa, kumanzere kumasanduka kumanja, ndipo mmisiri adzaika masitepe mbali yomwe sikunali.