Kodi ndege 185 zija zinagwadi?

Mayi wina wophunzitsa mbiri ku sekondale wandilembera imelo. Akuti anaona tsamba la nyuzipepala ya ku Britain ya mu September 1940 lonena kuti tsiku limodzi lokha asilikali awo anagwetsa ndege 185 za Germany. Funso lawo ndi lakuti: kodi atolankhani a nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankangopeka nkhani?

Amayi, chiwerengero chimenecho n'cholakwikadi. Ndege za Germany zimene zinagwa pa 15 September 1940 zinali pafupifupi 60, ndipo izi zinadziwika nkhondo itatha, anthu atawerenga mabuku a asilikali a Germany. Koma sikuti mtolankhani anachipeka m'mutu mwake. Chinachokera ku Air Ministry, unduna umene unkaphatikiza zonena za oyendetsa ndege akatera. Taganizani anyamata atatu akuwombera ndege imodzi m'mitambo, iyo n'kuyamba kufuka utsi. Aliyense akafika pansi akuti, "Ndaigwetsa ndine." Imodzi ija yasanduka zitatu. Ajeremani nawonso ankachulukitsa chimodzimodzi.

Zimenezo ndimazimvetsa. Chimene chimandiwawa mtima ndi zimene ankabisa dala. Pa 3 March 1943, anthu 173 anafa poponderezana pa masitepe a siteshoni ya sitima zapansi ya Bethnal Green ku London, akuthamangira kukabisala atamva chenjezo. Mwa iwo, 62 anali ana. Palibe bomba limene linagwa pamalopo. Nyuzipepala zinalemba za ngoziyo koma sizinaloledwe kutchula dzina la siteshoniyo, ndipo lipoti la kafukufuku linatsekeredwa mpaka 1945. Ndimaganizira mayi amene wataya mwana, akuwerenga nkhani yosatchula n'komwe dera lakwawo.

Mizinga ya Ajeremani yotchedwa V-2 itayamba kugwa, kuyambira ku Chiswick mu London pa 8 September 1944, anthu ankauzidwa kuti aphulika ndi mapaipi a gasi. Churchill, nduna yaikulu ya Britain, anadzavomera pa 10 November kuti inali mizinga. Chifukwa chake chinalipo: boma silinkafuna kuti mdani adziwe pamene mizinga yake ikugwera. Ngakhale zolosera za nyengo zinachotsedwa m'nyuzipepala, poti zikanathandiza ndege za adani.

Ana a m'kalasi mwanu muwaonetse chithunzi cha tchalitchi cha St Paul's chitaima pakati pa utsi, chimene Herbert Mason anajambula usiku wa pa 29 December 1940. Nyuzipepala ya ku Britain ya Daily Mail inachiika patsamba loyamba pa 31 December pofuna kuonetsa kuti London sinagonje. Patangopita milungu yochepa, magazini ya ku Germany ya Berliner Illustrirte Zeitung inasindikiza chithunzi chomwecho pachikuto, n'kulemba kuti mzinda wa London ukuyaka. Musawauze kaye mawu a pansi pa chithunzicho; ayambe alemba awoawo, kenako muwawerengere onse awiri.