Fayilo ya Word ikuchedwa kutseguka, ndiye akuti mufomate?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina, mphunzitsi wa ku sekondale. Akuti laputopu yawo ya Windows 10, akadina fayilo ya Word amadikira mphindi ziwiri kapena zitatu isanatseguke, ndiye wina wawauza kuti aifomate kapena angogula ina. Akufunsa kuti achite chiti.

Aphunzitsi, nditangowerenga mawu oti "aifomate" aja mtima unandiwawa, chifukwa zimenezi zinandionekera ine ndipo mpaka pano sindinaziiwale.

Kale ndinkagwira ntchito pa kashopu kotayipira anthu, makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, zoterozo. Kompyuta inali imodzi basi, ija ya bokosi pansi pa tebulo. Inangoyamba kuchedwa, ukadina fayilo kabwalo kabuluu kaja kumangozungulira, pamwamba nkulemba Not Responding, sikirini yonse nkuyera mbuu. Ndimakumbukira bambo wina amene anabwera kudzasinthitsa deti pa kalata yawo yofunsira ntchito, tsiku lomaliza kulandira makalata linali lomwelo, anaima kumbuyo kwanga envulopu ya khaki ili mmanja, osayankhula kanthu koma kumangoyang'ana wotchi, ine thukuta kamukamu kudikira tsamba limodzi lokha kuti litseguke. Tsamba limodzi!

Abwana anaitana mnyamata wokonza makompyuta. Sanakhale nkomwe pampando kuti aone chikuvuta nchiyani, anangoti ndi mavayirasi awa, tiifomate, ndipo sanafunse ngati mafayilo tinawasunga kwina. Zonse zinapita. Ma CV a anthu amene ankabwera chaka ndi chaka kudzangoonjezera mzere umodzi, komanso pulogalamu ya maliro a agogo anga imene ndinatayipa ndekha usiku, muli chithunzi chawo chomwe ndinasikana, chenichenicho chinabwerera kumudzi nkukasowa komweko. Ndiye chopweteka kwambiri, patangotha masiku ochepa kuchedwa kuja kunayambiranso chimodzimodzi.

Mukudziwa chinali chiyani? Pulinta. Word ikamatsegula fayilo imafunsa kaye pulinta yomwe mwaika ngati default, yomwe kompyuta imasankha yokha mukafuna kupulinta, kuti idziwe mmene masamba akhalire, ndiye yathu inali yolumikizidwa pa netiweki ku chipinda china ndipo nthawi zambiri inkakhala yozimitsa. Word imangodikira yankho kwa pulinta yoti sikuyankha. Mnzanga wina anadzasintha default ija, sizinatenge ngakhale mphindi imodzi, mafayilo nkuyamba kutseguka ngati kale.

Ndiye ine ndinena mosabisa, munthu amene mawu ake oyamba ndi kufomata asanafufuze, ameneyo sakukonza, akungofuna ndalama yanu mwachangu. Kuli ngati kugumula nyumba chifukwa chitseko chikuvuta kutsegula. Ndipo amene amalira ndi anthu ngati inu aphunzitsi, muli ndi masikimu, mayeso, magiredi a ana a zaka zingapo, zonse mu laputopu imodzi. Sindikuti okonza onse ndi otero ayi, alipo odziwa ntchito, koma wodziwa ntchito amayamba ndi kufunsa mafunso.

Komanso nafe tili ndi mbali yathu. Timatenga zithunzi za pafoni, chimodzi mwina 4 MB, nkuponya 30 mu lipoti limodzi, kenako nkumazichepetsa pokoka pakona ndi mbewa tikuganiza kuti zachepa. Zachepa mmaso mokha, mkati zikadali zolemera. Anthu ambiri sadziwa kuti fayilo ya .docx, yomwe inabwera ndi Office 2007, kwenikweni ndi zip, kathumba ka mafayilo angapo opanikizidwa pamodzi. Mukapanga kope nkusintha dzina kumapeto kukhala .zip, mutsegule, mupeza foda ya word kenako media, zithunzi zonse zili mmenemo ndi kukula kwake. Tsiku lomwe ndinaona zimenezi koyamba ndinadabwa zedi. China ndi ma antivayirasi, ena amaika awiri atatu poopa kavayirasi ka shortcut kaja koyenda ndi ma fulashi, ndiye iliyonse ikufuna kusecha fayilo yomweyo musanaione. Windows 10 ili kale ndi yake, Defender, imodzi ndi yokwana. Ngakhale poti tatchula Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuipatsa ma update aulele a masiku onse pa 14 October 2025, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga zogula ina?

Musathamange. Malaputopu ambiri ogula kwa munthu amabwera ndi hadi disiki ija yozungulira, nthawi zambiri ya 5400 rpm, mukaika khutu mumaimva ikulira mkati. Imeneyo ikakalamba chilichonse chimachedwa, osati Word yokha. Kuichotsa nkuika SSD, yomwe ilibe chozungulira ndipo ya SATA imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, kumasintha laputopu kuposa china chilichonse chomwe ndinayesapo, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi yatsopano. RAM, memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito ikayaka, ikakhala 4 GB muonjezere ifike 8 ngati imalola.

Koma musanawononge ndalama yesani izi madzulo ano. Kopelani kaye mafayilo anu onse pa fulashi. Onani ngati ikuchedwa ndi fayilo imodzi kapena onse, ikakhala imodzi dinani chithunzi, pitani pa Compress Pictures musankhe 150 ppi. Ngati muli kutsegulira pa fulashi, ikopeleni kaye pa Desktop. Akakhala onse, gwirani Ctrl potsegula Word kuti ilowe mu safe mode, momwe imatseguka popanda ma add-in, timapulogalamu toonjezera mu Word, ikathamanga ndiye kuti mwina vuto ndi ma add-in amenewo, mukawazimitse. Default ya pulinta muike Microsoft Print to PDF. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager, muone pa Disk, ikamangokhala pa 100% inu musakuchita kanthu ndiye mwina hadi disiki ija yatopa.

Mukayesa mundilemberenso kuti pa Disk pakulemba chiyani komanso RAM yanu ndi yochuluka bwanji, tiona limodzi SSD yomwe ingalowe mu laputopu yanuyo.