Antivayirasi yokha sikupulumutsani, achemwali

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wosunga mabuku pa kampani ya mathiraki ku Moatize, aja amathamanga msewu wa Zóbue. Ali ndi makompyuta 7 ndi WiFi imodzi. Mwezi watha analandira imelo yooneka ngati ya amene amawagulitsa matayala, yoti asintha akaunti ya kubanki, ndipo anangotsala pang'ono kutumiza ndalama. Bwana wawo akufuna kugula antivayirasi yodula, ndiye akufunsa ngati zikhala kuti zatha akatero.

Sizitha achemwali. Gulani, siyoipa, koma zomwe zinakuchitikiranizo antivayirasi sikanaziona chifukwa munalibe vayirasi. Akubawo amaba pasiwedi ya imelo, yanu kapena ya ogulitsa matayalawo, nkukhala phee mkatimo masabata angapo akuwerenga, adziwe kuti invoisi imabwera liti, amalonjerana bwanji, ndani amasaina, kenako nkutumiza yawo pa nthawi yake yeniyeni. Nthawi zina salowa nkomwe, amangotsegula adiresi yofanana koma chilembo chimodzi chosiyana, ndipo munthu uli pa chipwirikiti cha kutha kwa mwezi sungachione.

Ndiye lero lomwe lowani mu imelo ya kampani, sinthani pasiwedi (senha ija), kenako pitani ku zosintha muone ngati wina sanaike lamulo loti makalata azipita kwa munthu wina mobisa. Ambiri amasintha pasiwedi nkusiya kalamulo kameneka kakugwirabe ntchito. Yatsaninso chitsimikizo chachiwiri, chija chofuna nambala ukalemba pasiwedi. Ine ndimakonda ya pa apu ngati Google Authenticator kusiyana ndi SMS, poti SIM munthu atha kukakutengerani ina m'dzina lanu. Ndipo lamulo la mu ofesi likhale loti aliyense akati wasintha akaunti, kaya ya banki kaya M-Pesa kaya e-Mola, mumuimbire pa nambala yakale imene muli nayo mu foni, osati yolembedwa mu imeloyo.

Tsopano rauta, kabokosi kaja kopereka WiFi. Ndinapitapo pa sitolo ina ku Ulongwe atandiitana kuti intaneti ikuchedwa, ndinangolemba admin ndi admin basi ndalowa, ndipo mafoni olumikizidwa anali ambiri kuposa antchito, theka la msika limaonera mpira pa bandulo ya bwanayo. Kutha kwa data nkochepa. Choopsa nchoti aliyense amene ali pa WiFi imeneyo ali chipinda chimodzi ndi kompyuta ya malipiro, ndipo mapulogalamu ofufuzira zitseko zotsegula monga Nmap ndi aulere, mwana wa sekondale amakopera. Sinthani pasiwedi ya rauta yeniyeniyo, zimitsani WPS (njira yachidule yolumikizira ku WiFi osalemba pasiwedi), madalaivala ndi alendo apatseni netiweki ya alendo yapadera, marauta ambiri a TP-Link ndi Huawei ali nayo kale.

Apa mpamene bwana akwiye nane. Windows wokuikirani mnyamata wa pamsika ndi Office yothyoledwa, nthawi zambiri kapulogalamu kothyolerako kamakuuzani kuti muzimitse antivayirasi kaye, ndiye ganizani nokha kuti mwalowetsa ndani m'nyumba. Komanso okuikiraniwo amatseka ma apudeti, zigamba zimene Microsoft imatumiza zotseka mipata yolowera akuba. Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'maiko oposa 150, zipatala za ku England zinabweza odwala, akubawo akufuna madola 300 pa kompyuta iliyonse, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho, anthu sanaike. Windows 7 inasiya kulandira zigamba mu Januwale 2020, Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ndalama za antivayirasi yodulayo kuli bwino ziyambe zagula layisensi yeniyeni ya Windows, antivayirasi ya Microsoft Defender imabwera momwemo ndipo kwa ofesi ya makompyuta 7 ikukwana.

Mafulashi opita nawo kokasindikiza mapepala asamalowe mu kompyuta ya malipiro, tumizani PDF. Wantchito akachoka, tsiku lomwelo akaunti yake itsekedwe ndipo pasiwedi ya WiFi isinthidwe, ngakhale anatsanzika bwinobwino. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, osati imodzi yomatidwa pa sikirini.

Chotsala ndi bakapu, ndipo pa zonse ndalembazi iyi musaizengereze. Gulani ma hadi disiki awiri, Lachisanu lililonse koperani mabuku, ma invoisi ndi mapepala a kasitomu, mukatha zulani chingwe, chifukwa disiki yosiyidwa yolumikiza imatsekedwa limodzi ndi kompyuta vayirasi ikalowa. Imodzi izigona kunyumba kwa bwana. Kamodzi pamwezi tsegulani fayilo imodzi kuchokera mmenemo muone ngati ikuwerengeka.

Ogulitsa matayala aja aimbireni muwauze zomwe munalandira, mwina imelo yobedwa ndi yawo ndipo sakudziwa.